Kamera Yotchera Nyama: Musakopeke ndi Nambala ya pa Katoni

Anzanga, tiyambe ndi funso. Chimanga chikadyedwa usiku kumunda, kapena nkhuku zikamasowa m'khola, timadziwa bwanji chimene chabwera? Wina amati ndi nguluwe, wina amati ndi nungu, wina amaloza galu wa aneba, mpaka anthu kusiya kupatsana moni. Mapazi amathandiza, koma pa nthaka youma ya mu Okutobala saoneka bwino. Akatswiri a nyama zakutchire nawonso ali ndi vuto lomweli: nyama zambiri zimayenda usiku, ndipo zikangomva fungo la munthu zimalowa m'thengo.

Chida chimene chimathetsa mkangano wotere ndi kamera yotchera. Pa Chingerezi amaitcha camera trap kapena trail camera. Ndi kabokosi kokwana m'manja, komangirira pa mtengo, kamene kamajambula kokha nyama ikadutsa. Imatcheredwa ngati msampha, koma m'malo mogwira mwendo imagwira chithunzi, nyama n'kupitiriza ulendo wake.

Makamerawa alipo a mitundu yambiri. Otchipa amapezeka pansi pa madola 50, pamene ogwiritsa ntchito akatswiri ofufuza amafika madola 400 ndi kupitirira. Kalabu ya zachilengedwe ya pa sukulu ngati yathu ikapeza thandizo, mwayi wogula umakhala umodzi basi. Mukasankha molakwika, mudzatsala ndi zithunzi za michira ndi mabatire okutha. Phunziro la lero ndi la kasankhidwe, ndipo mfundo yake ndi iyi: yambani ndi funso limene mukufuna kuyankha, kenako mufufuze kamera yoyenera funsolo.

Inachokera kuti?

M'zaka za m'ma 1890, munthu wina wa ku America, George Shiras, ankamanga chingwe chopingasa njira ya nyama n'kuchilumikiza ku kamera. Nyama ikakhudza chingwecho, ufa wapadera unkayaka n'kuwalitsa malo, kamera n'kujambula. Mu 1906 magazini ya National Geographic inasindikiza zithunzi zake 74. M'zaka za m'ma 1990, Ullas Karanth wa ku India anaonetsa kuti makamera otere angawerenge akambuku a mizere a m'nkhalango ya Nagarahole, chifukwa mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake, monga zidindo za zala zathu.

Kuno kwathu, makamera otchera ndi chimodzi mwa zida zolondolera nyama ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kugwira ntchito mu 2003, komanso ku Liwonde ndi ku Nkhotakota, kumene linayamba mu 2015. Nyama ngati nyalugwe, fisi, njuzi, fungwe ndi chiuli mungathe kukhala m'nkhalango mwezi wathunthu osaziona ndi maso, koma kamera imaziona.

Imadziwa bwanji kuti nyama yafika?

Apa ndi pamene Physics ya m'kalasi ikugwira ntchito. Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kumene maso athu saona, kotchedwa infrared. Kutsogolo kwa kamera kuli sensa yotchedwa PIR, imene imamva kuwala kumeneku. Koma mvetsetsani bwino: sensayi siona nyama ayi. Imangomva kuti kutentha kwa malo amene yayang'ana kwasintha mwadzidzidzi. Ndiye pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: chinthucho chikhale chosiyana kutentha ndi malo ozungulira, komanso chikhale chikuyenda.

Mfundo imeneyi ikufotokoza zinthu zitatu zimene zimadabwitsa ongoyamba kumene.

Choyamba, njoka ndi ng'azi kawirikawiri zimadutsa osajambulidwa, chifukwa thupi lake limatentha mofanana ndi malo amene zili.

Chachiwiri, masana a mu Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, ngakhale mbawala ingathe kudutsa kamera ili phee, chifukwa nthaka ndi thupi la nyama zatentha pafupifupi chimodzimodzi.

Chachitatu, udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo, kamera imayesa nyama. Ili si vuto laling'ono. Ku Serengeti ku Tanzania, ofufuza anatchera makamera 225 pakati pa 2010 ndi 2013. Makamerawo anajambula kokwana pafupifupi 1.2 miliyoni, koma mwa kujambula kunayi kulikonse, pafupifupi kutatu munalibe nyama. Zambiri zinali udzu basi.

Tsopano tione zinthu zisanu zoyenera kuyang'ana poyerekeza makamera.

1. Liwiro lojambulira

Sensa ikamva nyama, kamera imatenga kanthawi kuti idzuke n'kujambula. Pa katoni amalemba kuti trigger speed. Makamera abwino amatenga masekondi 0.2 mpaka 0.5. Ena otchipa amatenga sekondi yathunthu kapena kupitirira.

Mwina mukuti, sekondi imodzi ndi chiyani? Tiyeni tiwerengere. Makamera ambiri amaona mbali yotambasuka madigiri pafupifupi 40. Ngati njira ya nyama ili mamita 5 kuchokera pa kamera, m'lifupi mwa malo oonekawo ndi 2 × 5 × tan 20°, zimene zikutipatsa mamita pafupifupi 3.6. Tinene kuti nkhandwe ikudutsa mothamanga pang'ono, mamita 3 pa sekondi. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi, eti? Kamera ya masekondi 0.3 idzajambula nkhandweyo itayenda mamita 0.9, ikadali mkati bwinobwino. Kamera ya sekondi 1 idzajambula itayenda mamita 3, mutu uli pafupi kutuluka. Ya masekondi 1.5 idzajambula tchire lokhalokha.

Palinso nthawi imene kamera imapuma isanajambulenso, recovery time. Nguluwe zimayenda m'gulu. Kamera yopuma masekondi 10 idzakuonetsani yoyamba yokha, inu n'kulemba m'buku kuti nguluwe inali imodzi pamene zinali 6.

Komabe liwiro silifunika paliponse mofanana. Pa njira yodutsa nyama ndi lofunika kwambiri. Pa chitsime kapena pa una wa nungu, pamene nyama imaima n'kumachedwa, kamera yochedwerapo imagwira ntchito bwino ndithu.

2. Kuwala kwa usiku

Makamera amawalitsa usiku m'njira zitatu.

Pali a fulashi yoyera, yonga ya pa foni. Amatulutsa zithunzi za mtundu ngakhale usiku, ndipo mawanga a nyama amaoneka bwino kwambiri. Owerenga anyalugwe amakonda amenewa: amatchera makamera awiri moyang'anizana kuti ajambule mbali zonse ziwiri za nyama, popeza mawanga a kumanzere ndi a kumanja safanana. Kuipa kwake n'kwakuti kuwalako kumadzidzimutsa nyama zina, ndipo munthu aliyense wodutsa amadziwa pamene pali kamera.

Pali a infrared ya 850 nm. Pojambula, timababu take timafiira pang'ono ngati khala la moto. Zithunzi za usiku zimakhala zakuda ndi zoyera, koma zowala bwino ndiponso zofika patali.

Pali a infrared ya 940 nm, amene maso a munthu saona kuwala kwake. Zithunzi zimaderako pang'ono ndipo sizifika patali ngati za 850 nm, koma kamera imabisika.

Ndiye yabwino ndi iti? Zitengera malo. Mkati mwa nkhalango yotetezedwa mungasankhe malinga ndi nyama. Koma m'mphepete mwa munda kapena m'nkhalango ya m'mudzi, mmene anthu amadutsa pokatola nkhuni, mdani wamkulu wa kamera si fisi ayi, ndi dzanja la munthu. Kumeneko ya 940 nm ndiyo imakhalitsa.

3. Ma megapixel

Iyi ndi nambala imene amailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni: 24 MP, 32 MP, 48 MP. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Makamera ambiri otere ali ndi sensa ya zithunzi ya ma megapixel 2 mpaka 5 okha. Kakompyuta ka mkati kamangokoka chithunzicho n'kudzaza mipata ndi timadontho tongopeka. Zili ngati kuthira madzi m'thobwa: chidebe chadzaza, koma thobwa ndi lomwe lija. Chithunzi chimadya malo ambiri pa khadi popanda kuonetsa china chatsopano.

Umboni nawu: kamera ya Reconyx HyperFire 2, imene ofufuza ambiri amaidalira ndipo ndi yodula, imajambula zithunzi za ma megapixel 3 okha, koma imadzuka pa masekondi 0.2. Ofufuzawo amalipira liwiro ndi kulimba, osati nambala ya pa katoni.

Njira yabwino yoweruzira ndi kuona zithunzi zenizeni za usiku za kamerayo, makamaka za nyama imene ikuyenda. Masana pafupifupi kamera iliyonse imajambula bwino. Usiku ndi pamene zina zimatulutsa chinthu chonga utsi, choti simungasiyanitse fungwe ndi mphaka wa kunyumba.

4. Mabatire ndi khadi

Ndalama zambiri sizithera pogula kamera, zimathera pa mabatire. Makamera ambiri amalowa mabatire a AA okwana 6, 8 kapena 12. Ma lithium ndi amene amakhalitsa, koma ndi odula ndipo sapezeka m'magolosale a kumudzi. Ma alkaline amapezekako, koma mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, zithunzi za usiku n'kumanka zikuda, ndiponso akakhalitsa amatha kutuluka madzi n'kuwononga kamera. Otchipitsitsa aja a pa msika, amene timaika mu tochi, musawayese n'komwe.

Kwa ife, anzeru ndi mabatire otchaja a NiMH, popeza mungawatchaje pa sola kambirimbiri. Koma chenjerani: batire wamba ndi wa 1.5 V, pamene wa NiMH ndi wa 1.2 V. Mu kamera yolumikiza mabatire 8 motsatizana, 8 × 1.5 ndi 12 V, koma 8 × 1.2 ndi 9.6 V. Makamera ena akaona 9.6 V amayesa kuti mabatire atha, n'kuzima. Ndiye musanagule, werengani kabuku ka malangizo muone ngati kamerayo imalola NiMH. Funso limodzi limeneli lingapulumutse thumba la kalabu.

Zithunzi zimasungidwa pa memori khadi ya SD, ndipo makamera ambiri amalandira mpaka ya 32 GB. Ngati chithunzi chimodzi ndi 2 MB, khadiyo ingasunge zithunzi pafupifupi 16,000. Ngati vidiyo imodzi ndi 40 MB, ingasunge mavidiyo 800 okha. Vidiyo imasangalatsa ndipo imaonetsa khalidwe la nyama, koma imadya khadi ndi mabatire, makamaka usiku pamene timababu tiyenera kuyaka nthawi yonse yojambula.

5. Kulimba

Kamera idzakhala panja pa mvula ya mu Januwale ndi pa fumbi la mu Seputembala. Yang'anani chizindikiro chonga IP66. Nambala yoyamba, 6, ikutanthauza kuti fumbi sililowa. Yachiwiri ikunena za madzi: 6 ndi yopirira madzi owaza mwamphamvu. Tsegulani chitseko muone ngati labala wa m'mphepete ali wokwana bwino. Onaninso ngati pali poika loko ndi podutsitsa chingwe chachitsulo. Afisi amatafuna makamera, njovu zimawazula, anyani amawatembenuza, nyerere zimamanga nyumba mkati mwake. Kumene kuli nyama zikuluzikulu, akatswiri amaika kamera m'bokosi lachitsulo.

Nanga aja otumiza zithunzi pa foni?

Alipo makamera olowa SIM khadi, amene amatumiza chithunzi nthawi yomweyo. Amathandiza oteteza nkhalango kudziwa msanga kuti opha nyama mozemba alowa. Koma amafuna netiweki pamalo pomwe pali kamera, amafuna bandulo mwezi ndi mwezi, ndipo amadya mabatire msanga. Ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito ndi makampani a mafoni a ku America kapena ku Ulaya okha, moti SIM ya TNM kapena Airtel siigwira. Ngati kamera ili pa mtunda woyenda wapansi, kukatenga khadi Loweruka n'kokwanira.

Tiyerekeze makamera atatu

Awa ndi makamera ongoyerekeza, koma ofanana ndi amene mungawapeze pa msika.

Kamera A: 48 MP, imadzuka pa masekondi 1.2, infrared ya 850 nm, silola NiMH, yotchipa kuposa onse.

Kamera B: 16 MP, imadzuka pa masekondi 0.3, infrared ya 940 nm, imalola NiMH, IP66, mtengo wapakati.

Kamera C: 20 MP, imadzuka pa masekondi 0.25, fulashi yoyera, imafuna ma lithium, yodula.

Funso la kalabu likhale lakuti: ndi nyama ziti zimene zimalowa m'munda wa sukulu usiku? Kamera A ili ndi nambala yaikulu, koma idzaphonya nyama zodutsa, kufiira kwake kudzaitana akuba, ndipo mabatire adzatidya mwezi uliwonse. Kamera C idzatipatsa zithunzi zokongola, koma ife sitikuwerenga mawanga, ndipo fulashi yake idzauza mudzi wonse pamene tayibisa. Yoyenera ndi B, ngakhale ili ndi ma megapixel ochepa kuposa anzake.

Koma funso likasintha, yankho limasinthanso. Wofufuza wofuna kudziwa chiwerengero cha anyalugwe ku Majete angasankhe C, ndipo angagule awiriawiri. Mwaona? Kamera imakhala yabwino kapena yoipa malinga ndi ntchito imene mwaipatsa.

Iyeseni pabwalo la mpira

Mukakhala ndi makamera awiri obwereka, musakhulupirire katoni. Amangirireni pa mtengo umodzi, pa msinkhu umodzi, moyang'ana kumodzi. Khomani zikhomo pa mamita 3, 6, 9, 12 ndi 15. Mnzanu mmodzi adutse mopingasa pa chikhomo chilichonse ka 10, atanyamula pepala lolembapo mtundawo, ndipo azidikira mphindi imodzi asanadutsenso. Achite poyenda, kenako pothamanga. Mubwereze masana dzuwa lili pamutu, ndi madzulo kutada. Pomaliza werengani: pa maulendo 10, kamera iliyonse yajambula kangati, ndipo munthuyo ali pati pa chithunzi, pakati kapena m'mphepete?

Apa mwasintha chinthu chimodzi chokha, kamera, zina zonse zili chimodzimodzi. Ndi kuyesa kwachilungamo komwe kuja timaphunzira mu sayansi. Kumbukirani kuti munthu ndi wamkulu kuposa kalulu kapena gwape, ndiye mtunda umene kamera yamva munthu ndi wautali kuposa umene idzamve nyama yaing'ono.

Katcheredwe

Kamera yabwino yotcheredwa molakwika ndi chimodzimodzi yoipa. Ikani pa msinkhu wa bondo, masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, ngati mukufuna nyama zonga nungu, fungwe ndi gwape. Isayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, chifukwa dzuwa lotuluka ndi lolowa limachititsa khungu kamera. Dziko lathu lili kumwera kwa equator, ndipo miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye kuyang'anitsa kamera kumwera kumathandiza. Isapingase njira ndendende. Ipendeke pang'ono motsata njirayo kuti nyama ikhalitse pamaso pake. Dulani udzu ndi tinthambi tapafupi. Konzani deti ndi nthawi musanachoke, chifukwa chithunzi chopanda nthawi yolondola sichingakuuzeni kuti nungu amabwera nthawi yanji. Nyengo yotentha tchire ikayandikira, lambulani mozungulira mtengowo. Mukatero chokanipo, osamapitako tsiku lililonse n'kumasiya fungo lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ipatseni sabata imodzi kapena awiri.

Malamulo ndi ulemu

M'nkhalango zotetezedwa simungalowe n'kutchera kamera popanda chilolezo cha Dipatimenti ya National Parks and Wildlife kapena oyang'anira malowo. Kumudzi, dziwitsani a mfumu ndi eni munda. Musatchere pa dooko pamene anthu amasamba, kapena pa njira ya kuchimbudzi. Kamera ikajambula munthu wongodutsa, fufutani chithunzicho. Si cha pa WhatsApp.

Chinthu china chofunika kwambiri: kamera ikajambula nyama yosowa ngati ngaka, musaike chithunzi pa Facebook n'kutchula malo. Ngaka ndi imodzi mwa nyama zimene zimazembetsedwa kwambiri padziko lonse chifukwa cha mamba ake, ndipo ozembetsawo nawonso ali ndi mafoni. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri ngati imeneyi. Uzani aphunzitsi, iwo adziwitse a zanyama.

Ndipo chithunzi chikaonetsa kuti wakuba chimanga ndi nungu kapena nguluwe, ntchito yotsatira ndi kutseka polowera, kulimbitsa mpanda kapena khola. Mwadziwa kale nyama yake, nthawi imene imabwera ndi mbali imene imadzera, ndiye simugwiranso ntchito mongoganizira.

Ntchito yanu

1. Gwape akuthamanga mamita 5 pa sekondi, ndipo malo amene kamera ikuona ndi otambasuka mamita 4. Kodi kamera yodzuka pa masekondi 0.6 imujambula? Nanga ya masekondi 0.9?

2. Kamera ikulumikiza mabatire 6 motsatizana. Pezani mphamvu yonse mu ma volt ngati ali a alkaline, komanso ngati ali a NiMH.

3. Fotokozani chifukwa chake kamera yotchera imamva bwino nyama usiku wa mu Juni kusiyana ndi masana a mu Novembala.

4. Agogo anu akudandaula kuti china chake chikumadya mazira m'khola usiku. Pa makamera A, B ndi C aja, mungawabwerekere iti, ndipo mungaiike pati? Ganizani bwino: kodi pamenepa liwiro n'lofunika ngati pa njira ya nyama? Nanga wakubayo atakhala njoka?

Lembani mayankho pa pepala, muike dzina ndi Fomu yanu, mupereke kwa a patironi a kalabu ya zachilengedwe. Funso lachinayi lilibe yankho limodzi lokha, ndiye chofunika ndi zifukwa zanu. Mayankho ogwira mtima tidzawamata pabolodi pompano.